Mudzi wa m'migolo ya malata, nkhani ya agogo a ku Poland

Kutchalitchi kumene ndimapemphera kuno ku England kuli agogo ena a ku Poland, zaka zawo zayandikira 90. Dzina sinditchula, eni ake sakonda zoikidwa pa intaneti. Chaka chathunthu tinkangopatsana moni wa mtendere pa Misa basi, aliyense nkumapita kwawo. Ndiye tsiku lina tikumwa tiyi mu holo anandifunsa kuti kwanu nkuti, ine nkuti ku Malawi, ndikudikira funso lija timafunsidwa daily lakuti kodi ili mbali iti ya Africa. Koma iwo anangoika kapu pansi nkuti, "Ku Nyasaland? Mwanawe, ine ndinakulira ku Northern Rhodesia, pafupi ndi Ndola."

Abale ndinaima mutu. Ine kwathu ndi ku Mchinji, Chipata ndi pakhomo penipeni, koma kubadwa konse ndinali ndisanamvepo kuti m'zaka za m'ma 1940 ku Zambia kunali makampu a anthu a ku Poland, ku Bwana Mkubwa, ku Lusaka, ku Abercorn komwe pano ndi Mbala, ngakhalenso ku Fort Jameson, Chipata yomweyi. Kuchokera tsiku limenelo ndimapita kunyumba kwawo pafupifupi Lachitatu lililonse ndikaweruka, amandiphikira tiyi wopanda mkaka woikamo ndimu, nkumandiuza nkhani. Ine ndinkafuna kumva za ku Africa, koma iwo nkhani imene amabwererako nthawi zonse ndi ya kampu ya kuno ku England imene anakhalamo nkhondo itatha. Akamakamba za kumeneko nkhope imawala ngati munthu akukamba za kumudzi kwa amayi ake. Poyamba zinkandizunguza, kuti munthu angasowe bwanji kampu? Pano ndayamba kumvetsa, nchifukwa chake ndati ndilembe.

Mmene anafikira kumeneko ndifotokoza mwachangu chifukwa payokha ndi nkhani ya buku. Mu September 1939 Poland inagawanidwa, Germany kumadzulo, Soviet Union kummawa. Pa 10 February 1940, usiku, asilikali a Soviet anagogoda pamakomo a mabanja ambirimbiri a kummawa kuja, kuwapatsa kanthawi kochepa kolongedza, nkuwakweza m'mabogi onyamulira ng'ombe ulendo wa ku Siberia. Agogowa anali kamwana ka zaka zisanu. Mng'ono wawo anatsala komweko, njala. Mu 1941 Germany itaukira Soviet Union, Stalin anagwirizana ndi boma la Poland limene linali ku London kuti awamasule, General Władysław Anders nkuyamba kusonkhanitsa gulu la nkhondo, ndipo mu 1942 anthu pafupifupi 115,000, asilikali ndi mabanja, anatuluka kupita ku Iran, ambiri powoloka nyanja ya Caspian. Amuna anapita kunkhondo, ena mpaka ku Monte Cassino ku Italy mu 1944, pomwe amayi, ana ndi okalamba anamwazidwa, ena ku India, ena ku Mexico, ena ku New Zealand, ndipo pafupifupi 18,000 ku Africa kwathu, ku Tengeru ku Tanganyika, ku Koja ndi Masindi ku Uganda, ku Rusape ndi Marandellas ku Southern Rhodesia komwe pano ndi Zimbabwe, ndi ku Zambia kuja.

Nkhondo inatha mu 1945 koma iwo kobwerera kunalibe. Pa msonkhano wa ku Yalta atsogoleri a Britain, America ndi Soviet Union anagwirizana kuti dera lakwawo, la mizinda ngati Lwów, likhale mbali ya Soviet Union, Poland yotsalayo nkugwa m'manja mwa chikomyunizimu. Ndiye tangoganizani, akuuzeni kuti bwererani kwa yemwe uja anakukwezani m'bogi ya ng'ombe. Timati kwanu nkwanu mthengo mudalaka njoka, koma nanga kwanuko kukakhala kuti akufufuta pa mapu? Boma la Britain poyamba linayesa kuwanyengerera kuti azipita, nduna yoona zakunja Ernest Bevin inalembera asilikali a ku Poland kalata mu 1946 yowalimbikitsa kubwerera, ena anapitadi koma ambiri anakana. Chaka chomwecho pa perete wachipambano ku London gulu la Anders silinagube nawo, ndipo agogowa mpaka lero akaitchula nkhani imeneyi mawu amanjenjemera. Kenako kunabwera Polish Resettlement Corps, yomwe inalemba anthu pafupifupi 114,000 kuti awakonzekeretse moyo wausiviliyani, ndi lamulo la Polish Resettlement Act la 1947 lowalola kukhala ndi kuitanitsa mabanja awo. Kalembera wa 1951 anapeza anthu obadwira ku Poland oposa 160,000 mu Britain.

Vuto linali pogona. Mabomba anali atagumula nyumba zambiri, eni dziko okha ankasowa pokhala. Chimene chinalipo chopanda anthu ndi makampu a asilikali ndi zipatala zankhondo zimene a America ndi a Canada anasiya, zambiri kutchire, m'minda ya anthu olemera, kutali ndi tauni. Mmenemo ndi mmene anawaika. Makampu a mabanja analipo pafupifupi 40 oyang'aniridwa ndi bungwe la boma lothandiza ovutika la National Assistance Board, monga Fairford, Doddington, Ilford Park ndi Northwick Park. Agogowa anafika mu 1948 pa sitima yapamadzi ali mtsikana wa zaka 13, nkukakumana ndi bambo awo amene anali atasiyana nawo zaka zisanu ndi chimodzi, akuti sanawazindikire, anabisala kumbuyo kwa amayi awo. Anakakhala ku Northwick Park, pafupi ndi mudzi wa Blockley ku Gloucestershire, pamalo pomwe panali chipatala cha asilikali a America.

Nyumba zambiri m'makampu amenewa zinali zija amati Nissen hut, malata opindidwa ngati mgolo woudula pakati nkuuvundikira pansi. A ku Poland eni ake ankazitcha beczki, kutanthauza migolo. Agogo anandijambulira papepala. Khomo kumapeto, timawindo tiwiri m'mbali mwake, pansi simenti, pakati sitovu yachitsulo yozungulira yoikamo makala amiyala, paipi yake nkutulukira padenga. Khoma loongoka palibe, ndiye kabati sungaigunditse kukhoma, chithunzi cha Amayi Maria a ku Częstochowa chinkalendewera mopendekeka. Pena mgolo umodzi mabanja awiri, malire ake bulangete lopachika pachingwe kapena kakhoma kopyapyala, mnzako akatsokomola usiku umamva, akamakangana ndi mkazi wake umamva, akamalira umamvanso. Madzi kokatunga pampopi panja, zimbudzi ndi mabafa za gulu mu buloko yake, uziyenda mu mdima ndi m'matope. Nthawi yozizira mpweya wa anthu unkaundana kumalata, sitovu ikayaka mmawa nkumadonthera pabedi. Ukakhala pafupi ndi sitovu ukupsa, ukasuntha pang'ono ukuzizidwa. Mtsikana woti wakulira pa dzuwa la ku Copperbelt, akudya mango ndi mapapaya, akuti chaka choyamba ankangolira kuti tibwerere ku Africa.

Ndiye apa ndi pamene nkhani yawo imatembenuka, ndipo ndi chimene chinandigwira mtima. Anthuwa sanakhale pansi kudikira boma. Poyamba ankadyera pamodzi ku kantini, kuima pamzere ndi mbale, chakudya chophikira chigulu, nthawi imeneyo zinthu zinali za pa kuponi mpaka 1954. Amayi ambiri sizinkawasangalatsa, mayi woti wadutsa mu Siberia akufuna mphika wakewake, ndiye pang'onopang'ono anayamba kuphikira pa sitovu ija ya m'nyumba. Kenako makasu. Kuzungulira mgolo uliwonse kunabadwa dimba, kabichi, mbatata ya kachewere, bitiruti, anyezi, nkhaka, katsabola kawo kaja amati koper, ndipo kutsogolo maluwa, ena kuyanga pamalata mpaka mgolo osaonekanso kuti ndi wa asilikali. Kuseri khola la nkhuku ndi la akalulu, ena njuchi. Ambiri mwa iwowa kwawo anali alimi, dothi ankalidziwa. Kabichi ankamudula tiziduswa nkumuthira mchere mu mgolo wamatabwa, ana nkusamba mapazi bwinobwino nkumaponda, agogo akuti imeneyo inali ntchito yawo chaka ndi chaka ndipo ankanyadira. Nthawi ya bowa kampu yonse m'nkhalango mbandakucha, azungu a m'mudzi wapafupi nkumawayang'ana modabwa poti iwo bowa wamtchire amamuopa. Ine nditamva za bowazi ndinaseka ndi chimwemwe, ndinawauza kuti agogo, ifenso mvula ikagwa ndi chimodzimodzi, ndipo amene amadziwa bowa wabwino ndi woipa ndi amayi akuluakulu. Iwo nkuti eya, kulikonse ndi choncho.

Chinthu choyamba chimene ankakonza pa kampu iliyonse ndi tchalitchi. Ankatenga imodzi mwa nyumba zomwezo, amuna odziwa ukalipentala nkupanga guwa ndi mabenchi, amayi nkupeta nsalu. Ansembe ambiri anali omwe aja anayenda ndi asilikali kunkhondo kapena opulumuka ku ndende za Germany ndi Soviet, ndiye ankadziwa chimene nkhosa zawo zadutsamo, sankafunika kuwafotokozera. Agogo ali ndi chithunzi chimodzi chakuda ndi choyera chimene amachisunga m'buku la mapemphero, cha chaka cha Ukaristia, iwo amati Boże Ciało. Anandilola kuchigwira. Mukuoneka msewu wa pakati pa migolo, tiatsikana tovala zoyera tanyamula timadengu tikumwaza maluwa pansi, kumbuyo wansembe pansi pa kansalu konyamulidwa ndi amuna anayi ovala masuti, ena ali ndi mamendulo pachifuwa, ndiye khamu la anthu mpaka kumapeto kwa chithunzi. Maguwa anayi ankamangidwa panja, lililonse ndi gulu lake, ndipo akuti kunali kupikisana ndithu, anthu ankagona mochedwa kukongoletsa ndi nthambi ndi makapeti obwereka m'nyumba. Anandiloza kamutu kena kakang'ono pakona nkuti uyu ndi mwamuna wanga, nthawi imeneyo tinali tisanayambe kuyankhulana.

Ndiye panali Khirisimasi yawo, yomwe chimake ndi usiku wa pa 24 December, Wigilia. Sadya mpaka mwana ataona nyenyezi yoyamba, patebulo palibe nyama, ndipo asanayambe kudya amanyemerana kamkate kopyapyala ngati ka Ukaristia kotchedwa opłatek, aliyense ndi mnzake kufunirana zabwino ndi kupepesana. Patebulo amasiya mbale imodzi yopanda mwini, ya mlendo amene angagogode. Koma mu kampu, agogo akuti, mbale imeneyo aliyense ankadziwa kuti ndi ya ndani, wina mwana wotsala ku Siberia, wina mwamuna wogona ku Monte Cassino, wina amayi amene ali moyo ku Poland koma sangawaonenso. Ena ankalandira opłatek mu envulopu kuchokera kwa abale, atasweka m'njira, nkumadya tizidutswato. Ndikunena zoona apa ndinalephera kumeza tiyi. Loweruka Loyera ankanyamula timadengu ta mazira opaka utoto, buledi, mchere ndi soseji kukadalitsa kutchalitchi. Pa 3 May, tsiku la malamulo a dziko lawo a 1791, ana ankalakatula ndakatulo ndi kuvina magule akwawo mu holo atavala zovala zosokedwa ndi amayi awo kuchokera ku nsalu zilizonse zimene zapezeka, pomwe ku Poland kwenikweniko boma linali litaletsa chikondwerero chimenechi.

Za ana ndiye sankachita nazo masewera. Panali komiti ya boma yoona za maphunziro a anthu a ku Poland kuyambira 1947 mpaka 1954, m'makampu munali sukulu za mkaka ndi za ana aang'ono, komanso kunali masekondale ogonera konko ngati ya atsikana ku Stowell Park. Kenako ana atayamba kupita ku sukulu za Chingerezi, makolo anayambitsa sukulu ya Loweruka, chilankhulo, mbiri, mapu a dziko limene anawo sanalionepo. Masikauti, kwaya, timu ya mpira, gulu la zisudzo, laibulale, nyuzipepala ya Dziennik Polski yochokera ku London imene inkayenda khomo ndi khomo mpaka kung'ambika. Loweruka madzulo dansi mu holo, bandi ya akodiyoni, anyamata ochokera ku makampu ena kubwera pa njinga kudzafuna mbeta. Agogowa ukwati wawo anadalitsira mu tchalitchi cha mu kampu momwemo, ndipo akuti khadi loitanira linalibe ntchito, kampu yonse inabwera, amayi anaphika masiku atatu, aliyense kubweretsa mpando wake ndi mbale yake. Mwana ukamusiya panja sudandaula, maso ali paliponse, akalakwa amakalipiridwa ndi mayi aliyense amene wamuona. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, iwowa ankachita zimenezo osaudziwa mwambi wathuwu.

Sindikufuna kuti muganize kuti kunali ku paradizo, agogo eni ake salola zimenezo. Miseche inali yosasimbika poti khoma ndi bulangete. Kunali amuna amene nkhondo inawasokoneza mutu, kukuwa usiku, kumwa mpaka kugwa m'ngalande, ndipo akazi awo ankangopirira poti kopita kunalibe. Kunali kusankhana kwa amene anali maofesala ndi anthu wamba, kwa odutsa ku Siberia ndi ochokera ku makampu a ku Germany. Ntchito zimene ankapeza zinali zija eni dziko sakuzifuna, kuumba njerwa, migodi, m'minda, kuthyola zipatso, mafakitale a nsalu, ndipo mabungwe ena a antchito poyamba sankawafuna nkomwe. Aphunzitsi, maloya, akuluakulu a asilikali, mapepala awo sankawerengedwa. General Stanisław Maczek, amene anatsogolera akasinja kumasula mzinda wa Breda ku Netherlands, anakagwira ntchito mu bala ku Edinburgh. General Stanisław Sosabowski, amene anatsogolera asilikali a ku Poland odumpha m'ndege pa nkhondo ya ku Arnhem ku Netherlands komweko, anakagwira mu fakitale ku London. Ife amene tili kuno ndi madigiri athu tikugwira mashifiti a usiku, nkhani imeneyi sitifunika womasulira. Komanso ankayenera kulembetsa ku polisi ngati alendo, ukasamuka kapena kusintha ntchito ukanene.

Chimene ine ndikuona nchakuti anthuwa anali atalandidwa chilichonse chimene chimapanga mudzi, malo, manda a makolo, ngakhale dzina la dera lawo pa mapu, ndiye anangoganiza kuti mudziwo aumanga ndi zimene zatsala m'mutu ndi m'manja. Ambiri zaka zoyambirira masutikesi anali pansi pa bedi, akuyembekeza kuti chikomyunizimu chigwa posachedwa abwerera. Koma uku akudikira, uku akudzala mitengo ya zipatso. Ndinawafunsa agogo kuti kodi munadziwa liti kuti simubwereranso? Anakhala chete kanthawi, kenako nkuti, "Tsiku limene tinaika amayi anga m'manda a ku Blockley." Akuti bokosi linanyamulidwa kuchoka mu kampu, anthu onse pambuyo akuimba, amuna anajomba kuntchito tsiku limenelo osaopa kudulidwa malipiro, ndipo munthu wina amene anasunga kathumba ka dothi la ku Poland kuyambira kale anatapako pang'ono nkuthira m'dzenje. Ife a ku Malawi nkhani ya maliro timaidziwa kulemera kwake, kuno tikangomva kuti mnzathu watisiya timasonkherana pa WhatsApp kuti thupi lipite kumudzi zivute zitani. Iwowa mwayi umenewo analibe. Kumudzi kunali komweko kumene akumba.

Makampu anayamba kutsekedwa m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Mabanja ankasunga ndalama, bambo, mayi ndi ana akuluakulu onse pantchito, nkugula nyumba ku Swindon, ku Redditch, ku Birmingham, ena kulandira za khansolo, ena kuwoloka kupita ku Canada, America ndi Australia. Fairford inatsekedwa mu 1959, Northwick Park inakhalabe mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 poti okalamba a m'makampu ena ankawasamutsira kumeneko. Ilford Park ku Devon ndiye ilipobe mpaka lero ngati nyumba yosungira okalamba a ku Poland, nyumba zatsopano zinatsegulidwa mu 1992, anthu amangoti Little Poland. Agogowa anatuluka ali ndi ana awiri, kukalowa nyumba ya njerwa ya bafa ndi chimbudzi mkati, madzi otentha pampopi, chinthu chimene analota zaka zonse. Koma akuti sabata yoyamba anakhala pa masitepe nkulira. Chitseko chatsekedwa, aneba sakuwadziwa, palibe wogogoda kudzabwereka mchere, palibe woti umusiyire mwana. Ine mawu amenewa anandilasa chifukwa ndi mmene ndinamvera nditangofika kuno, nyumba yofunda bwino koma tsiku lonse osamva munthu akuti odi.

Mwezi wathawu ndinawatenga pa galimoto, ine ndi mdzukulu wawo, kupita ku Northwick Park. Pano ndi malo a mabizinesi ang'onoang'ono, magalaja, mosungira katundu, koma nyumba zina zakale zikadalipo ndipo pali chipilala cha chikumbutso. Anatsika ndi ndodo yawo nkuyamba kuloza, apa panali tchalitchi, apo holo, uko kunkakhala mayi wina wosoka madiresi a ukwati, apa mpopi umene unkaundana ndi chisanu mpaka tiziuthira madzi otentha. Ine ndikuona makontena ndi mavani, iwo akuona anthu. Pena anaima nkumayang'ana udzu wa m'mbali mwa mpanda nthawi yaitali, akuti akufuna aone ngati katsabola ka amayi awo kakumerabe, poti kameneko kakangogwetsa njere sikatha. Sitinakapeze, nyengo yake inali itadutsa.

Pobwerera tinadzera kumanda ku Blockley, mitanda ya mayina a Chipolishi ili mizeremizere. Anapukuta mwala wa amayi awo ndi kansalu kochokera m'chikwama, nkundipempha kuti ndiwathandize kuzula udzu poti iwo kuwerama kukuvuta. Ndinagwada nkuzula. Akuti pa 1 November, tsiku la Oyera Onse, kwawo anthu amayatsa makandulo pamanda onse mpaka usiku kumawala, ndipo chaka chino mdzukulu wawo adzakhala kuntchito. Ndinawauza kuti agogo musadandaule, ndasinthitsa kale shifiti, makandulo ndigula ine, inu mudzangovala zofunda.